Make Davide ndi Zithunzi za Aroma

Ku Lang'ata, mumzinda wa Nairobi, zaka zimenezo ukafunsa kuti kwa Mayi Eneles Chipwatali ndi kuti, anthu ankangokuyang'ana kukamwa. Koma unene kuti Make Davide osoka makatani, ngakhale bambo wogulitsa makala pakona ankakulozera ndi mlomo: chitseko chobiriwira icho, pomwe pakulira makinapo. Anali amayi aafupi, a manja ngati a abambo, ndipo tepi yoyezera sinkachoka m'khosi mwawo. Lamulungu lina anafika nayo mpaka pa mgonero, amuna awo a Spencer n'kumawagunda ndi chigongono, iwo osamva.

Kwawo kunali ku Linthipe. Kusoka anaphunzira ku mishoni, koma luso linalo, lopanda satifiketi, analitenga kwa azakhali awo, amene anali namkungwi asanabatizidwe n'kudzakhala mlangizi wa mpingo atabatizidwa. Azakhaliwo ankati nyimbo zina anazisiya, koma thupi la mkazi silinasinthe chifukwa cha madzi a abusa. A Eneles atakwatiwa anayamba kulowa nawo m'nyumba zolangira anamwali, n'kumamva mmene mayi wamkulu amatchulira mawu oti panja sangatuluke, osaseka, osazungulira, osachita manyazi.

Ku Nairobi anabwera mu 1977, a Spencer atapeza ntchito yotumiza matelekisi ku maofesi akuluakulu a ku Gigiri. Akazi a anzawo anabwera ndi masutikesi a madiresi. Iwo anabwera ndi mutu wa makina osokera ataukulunga m'bulangete. Chiswahili chawo chinali cha mumsika basi, bei gani pofunsa mtengo ndi punguza poneneza, koma pasanathe zaka ziwiri amwenye ogulitsa nsalu m'tauni anali atawadziwa, moti akangolowa m'duka mwini wake ankachotsa yekha nsalu zosuluka pa tebulo. Mawindo a azungu theka la Lavington anavala zosoka zawo. Lachinayi lililonse makina ankapuma, iwo n'kuvala bulauzi yoyera kupita ku mapemphero a amayi a ku Malawi, amene ankasinthana nyumba monga amachitira kumudzi.

Koma chaka cha 1981 mtima wawo sunali pa makatani ayi. Unali pa Lorna. Mtsikanayu anali mwana wa Magdalene, mnzawo wa pondapo m'pondepo wa ku Linthipe, amene anamwalira mwanayo ali ku sekondale. Magdalene ali pamphasa anawagwira dzanja n'kunena kuti, "Mwana wangayu akadzapeza banja mudzamulange ndinu, Ene. Asadzalowe m'nyumba ngati mbuzi yomangidwa m'maso." Ndiye taonani Mulungu: Lorna anadzapeza malo ku yunivesite ya ku Nairobi komweko, n'kupezanso mnyamata wa ku Ntcheu dzina lake Masauko, ukwati n'kuikidwa mu Disembala. Amayi a Lachinayi aja anali atagwirizana kale kuti wotsogolera chilangizo ndi Make Davide. Iwo anali atayamba kale kutunga mikanda ya mtsikanayo, yofiira ndi yoyera, n'kumaibisa m'kabati ya ulusi.

Mu Okutobala anaitanidwa ku nyumba ina ku Lavington, kwa Dokotala Fabbri, Mtaliyana wokalamba amene anapuma ntchito kalekale. Pageti anawalandira Lenah, mayi wa ku Kenya wogwira ntchito m'nyumbamo, ndipo asanafike pakhomo anawanong'oneza kuti ayende akuyang'ana pansi. Iye ankapukuta fumbi pabalazapo atafulatira khoma, ndipo anali ataswa kale nyale ziwiri. A Eneles anangoti, "Telala woyang'ana pansi ayeza chiyani?"

Atalowa anaima njo. Abale inu! Makoma onse a pabalaza anali zithunzi, zisanu ndi zinayi, zofiirira ngati dothi la katondo, ndipo mwa anthu onse a m'zithunzimo wovala anali wowerengeka. Dokotala anali pa njinga ya olumala pafupi ndi windo, atathyoka chiuno. Anafotokoza m'Chingerezi chothyoka ngati chawo chomwe kuti masisitere amene ankabwera kudzamusambitsa ndi kumanga bala anena kuti sadzapondamonso zithunzizo zikapanda kuphimbidwa. Ankafuna timakatani ting'onoting'ono, chithunzi chilichonse kake.

Mkulu uja ankalankhula ngati munthu amene wasowa womumvera kwa zaka. Anati kwawo kuli mzinda wa Aroma akale umene unakwiriridwa ndi phulusa la phiri. Anthu atadzafukula patapita zaka mazana ambiri, anapeza zithunzi zoterezi pa makoma a eni ake: podyera, pogona, pakhomo penipeni, ngakhale pa nyale zadothi, ana akudutsa pomwepo. Ofukulawo anachita manyazi, zina n'kuzitsekera m'chipinda, kumangolowetsamo amuna ophunzira. Malemu mkazi wake, ali mtsikana wophunzira zojambula, anakakamira mpaka anaziona, n'kuzijambula ndi dzanja lake chimodzichimodzi. "Aroma sankaona cholaula apa," anatero dokotala. "Tinabwera ndi manyazi ndife."

A Eneles anavula tepi m'khosi n'kuyamba ntchito, ndipo munthu sungayeze chinthu osachiyang'ana. Cha pakhomo chinali cha bambo wandevu, chida chake cha abambo chachikulu zosayenera, atachiika pa sikelo ngati nyama ya pa butchala, nkhope ili phee ngati kalaliki. Anayesa kudzigwira. Zinakanika. Anaseka mpaka kukhala pansi, misozi ili chuchuchu, Lenah n'kuthamanga kuchokera ku khitchini poganiza kuti mlendo wakomoka. Dokotala anati ameneyo ankaikidwa pakhomo dala, kuti munthu wobwera ndi kaduka aseke n'kuiwala chimene wadzera. "Kodi!" anatero a Eneles akupukuta m'maso. "Ndiye kutsirika nyumba kumeneko. Kwathu timakwirira pansi, anzathu ankapachika."

China chinali cha mwamuna ndi mkazi pabedi, opanda kansalu n'komwe, akuchita zimene banja limachita. Pamenepo sanaseke. Anayeza mulitali, anayeza mulifupi, n'kuimabe kanthawi tepi ili m'manja. Kenaka anafika pa chachikulu cha pakati, chokongola koposa zonse: mtsikana atagona tulo pa thanthwe, atafulatira, ndipo kumbuyo kwake chimunthu cha miyendo ya mbuzi chikukweza pang'onopang'ono nsalu imene anafunda.

"Chimenecho musachikhudze, Mama," anatero dokotala. "Zinazo ndi nthabwala za Aroma, ziphimbeni. Koma ichi ndiye luso lenileni. Taonani mmene kuwala kwagwera pamsanapo. Ngakhale masisitere sadandaula nacho, chifukwa palibe chimene chikuchitika."

"Palibe chikuchitika? Nanga wa miyendo ya mbuziyu akutani?"

"Akungofuna kuona kukongola kwake."

"Wamupempha?"

"Ali m'tulo, Mama."

"Ndicho ndikunenacho."

Ndiye anamuuza, mayi wa sitandade sikisi kuuza dokotala wa mabuku odzaza khoma. Anati awiri a pabedi aja akuyang'anana m'maso, ndipo mkaziyo dzanja waliika yekha m'khosi mwa mwamuna. Amenewo sanalakwe kanthu, owalakwira ndi amene anawaika pabalaza, ngati kutsegula chitseko cha eni ake masana. Malo awo ndi kuchipinda. Wa pasikelo uja ndi chitsiru chabe, avale katani masisitere adutse. "Koma mwana uyu akuvulidwa asakudziwa. Ndipo wojambula watiimika ife kumbuyo kwa chilombochi kuti tizisuzumira nacho limodzi. Ine sindisuzumira, adokotala."

Dokotala anafiira mpaka m'makutu. Anati anthu ophunzira akhala akutama zithunzi zotere zaka zikwi ziwiri.

"Zaka zikwi ziwiri mwana wa eni ake akuzizidwa," anatero a Eneles akukulunga tepi. "Kukongola ndiye n'kokongola, sindikana. Dzanja la akazi anu linali dzanja. N'chifukwa chake chikundipweteka. Chikanakhala chonyansa bwenzi tonse titayang'ana kumbali."

Tsiku limenelo a Eneles anatuluka osatsanzikidwa, n'kukakwera minibasi, ija kumeneko amati matatu, akudziuza kuti ntchitoyo yapita. Koma patapita masiku anayi Lenah anabwera ku Lang'ata kudzati mzee, mkulu uja, akuwaitana. Anapitako kanayi konse, ndipo ulendo uliwonse ankakangana ngati apongozi, uku akumwa khofi wowawa. Mapeto ake awiri a pabedi aja anasamukira kuchipinda kwa dokotala. Zinazo zinavala timakatani ta khaki. Mtsikana wa m'tulo uja a Eneles anamusokera katani la nsalu yabuluu yofewa, yabwino koposa imene anali nayo, ndi kachingwe kokokera pambali. Anati wofuna kuona aone, palibe womuletsa, koma akoke yekha chingwecho ndi dzanja lake, adziwe kuti nayenso wakweza nsalu.

Tsono pakamwa pa munthu sipasokedwa. Lenah sananene moipa ayi, ankawatama: kuti kuli mama wa ku Malawi wolimba mtima, amene anayang'ana zithunzi zonse ola lathunthu, mpaka kuseka, mpaka kugonjetsa mzungu. Anauza mnzake wogwira ntchito nyumba yachitatu kuchokera pamenepo. Ndipo nyumba yachitatuyo inali ya Mayi Flossie Kalinde, wapampando wa amayi a Lachinayi, akazi a bwana wamkulu ku Gigiri. Nkhani inalowa pakhomo la kukhitchini ili yotama, inatulukira la kutsogolo ili mlandu.

Tisawanamizire Mayi Kalinde. Sanali munthu woipa. Mmalawi aliyense wodwala ku Nairobi ankadya phala lawo, ndipo maliro akagwa galimoto yawo inkafika yoyamba. Koma anali mwana wa abusa, anakulira m'sukulu zogonera konko, ndipo kwa iwo chinthu chinali choyera kapena chakuda, pakati panalibe. Lachinayi lotsatira mapemphero anali kwawo. Itatha nyimbo yotsekera, tiyi ali m'makapu, anakhosomola n'kunena kuti pali kankhani.

"Make Davide, tamva kuti mumalowa m'nyumba ya zithunzi zolaula."

"Ndimalowa. Ndasokako makatani."

"Tamvanso kuti munayang'ana. Mpaka munaseka."

"Chimodzi chinali choseketsa."

Amayi khumi ndi awiri anapumira limodzi. Mayi Kalinde anati munthu wolanga mwana wa eni ake ayenera kukhala wa maso oyera. Anati njira ilipo, yosavuta: aime pakati pa anzawo, avomere kuti anachimwa, anene zonse zimene anaona kuti ziwachoke mumtima, amayi awapempherere, basi nkhani yatha, chilangizo cha Lorna chikhale m'manja mwawo monga kale.

Anene zimene anaona! A Eneles anayang'ana mozungulira. Makapu onse anali atatsika. Mmodzi anali atasendera kutsogolo kwa mpando, wina maso ali pa Baibulo koma khutu lili tcheru, wina akuluma mlomo kubisa kumwetulira. Windo linali lotsegula, bambo wosamalira maluwa akuthirira pansi pake pomwepo. Mtima unawawawa kwambiri, chifukwa awa anali anzawo, ndipo ankawakonda. Anaganiza za Magdalene. Kunali kosavuta, zoonadi: mawu ochepa, misozi pang'ono, mwanayo n'kukhala wawo. Ndi luso lawo la pakamwa akanatha kufotokoza zithunzi zonse zisanu ndi zinayi amayiwo n'kumagubuduka, kenaka n'kupemphera.

"Amayi," anatero potsiriza, "kumeneko ndinapita kukaveka, sindinapite kukavula. Ndikayamba kuzifotokoza pano, pa tiyi, windo lili pululu, kuti mumve kukoma kenaka mundikhululukire, wolaula ndikhala ine. Zimenezo sindichita. Ndipo kuvomera tchimo limene sindinachite ndi bodza, bodza lake la pamaso pa Mulungu. Ngati n'choncho, mwanayo mulangeni nokha."

A Eneles ananyamula kachikwama kawo n'kutuluka, ndipo misozi anaigwira mpaka pa siteji ya matatu. A Spencer atamva anafuna kupita kukalankhula ndi bambo Kalinde, iwo anawaletsa kuti nkhani za amayi sizipita ku ofesi. Lorna anabwera akulira kuti akana chilangizo cha anthu enawo. A Eneles anamukalipira. "Iwe usandichititse manyazi. Amenewo ndi amayi ako, ukagwade, ukamvere." Koma atachoka mtsikanayo anakhala pa makina tsiku lonse osapondako n'kamodzi komwe. Masabata asanu ndi limodzi Lachinayi linkawapeza ali pakhomo, bulauzi yoyera ili m'kabati.

Chilangizo chinachitika Lachisanu m'mawa, ukwati uli mawa lake, kwa Mayi Kalinde. Zimene zinachitika m'menemo tinazimva pambuyo pake kwa eni ake, akudziseka okha. Anamukhazika Lorna pa mkeka, amayi anayi pa sofa. Anawerenga Aefeso. Anawerenga Miyambo. Anamuuza kuti malaya a mwamuna azisitidwa, alendo azilandiridwa, mchere usamachuluke. Itakwana nthawi ya nkhani yeniyeni, aliyense anayang'ana mnzake. Mayi Kalinde anatsegula pakamwa n'kunena kuti, "Tsono za kuchipinda," n'kuima. Anamwa madzi. Anayambanso: "Za kuchipindazo, mwanangu, uzipemphera." Wina anayambitsa nyimbo.

Atatha kuimba, Lorna anafunsa ndi mawu ang'onong'ono, mutu uli pansi, ngati angafunse funso. Anafunsa limodzi lokha, funso la mwana wamasiye amene mabuku onse a ku yunivesite sanamuyankhe. Mayi Kalinde anamuyang'ana nthawi yaitali. Iwo omwe anakwatiwa choncho, atawerengeredwa mavesi, ndipo chaka chawo choyamba cha banja ankachikumbukira ngati matenda.

Cha m'ma thiri koloko masana a Eneles anali pa makina, akupinda katani la anthu ena, pamene anamva galimoto ikuima panja. Atasuzumira anaona Pijo yoyera ya a Kalinde, mayiwo akuyendetsa okha. Anatsika, n'kutsegulira Lorna, n'kumugwira padzanja ngati mwana wopita ku sikelo. A Eneles anatsegula chitseko, tepi ili m'khosi.

"Mwaswera bwanji, Make Davide?"

"Ndaswera, kaya inu amayi?"

Mayi Kalinde sanayang'ane m'maso mwawo. Anayang'ana pa chitseko, pa maluwa, pa nsapato zawo. Kupepesa sanapepese, ndipo sanadzapepese mpaka a Eneles anabwerera kumudzi mu 1988. Anangomukankhira mtsikanayo kutsogolo pang'ono.

"Mwana wanu uyu. Ife tachita mbali yathu. Yatsalayo sitiitha."

A Eneles anamukoka Lorna n'kumulowetsa m'nyumba, n'kuuza a Spencer, amene anali atabwera msanga kuntchito chifukwa cha ukwatiwo, kuti atenge nyuzipepala yawo akawerengere kwa anzawo. Atatuluka bamboyo, anatembenukira kwa mlendo uja n'kunena kuti, "Lowani, amayi. Malo alipo."

"Iyayi," anatero Mayi Kalinde. "Ine ndikhala pano."

Anayala mpango wawo pa sitepe ya simenti, mayi wa ku Lavington ndi diresi lake la ku London, n'kukhala pansi atatsamira chitseko, chikwama chili pamiyendo. A Eneles anatseka, anakhoma, n'kutseka mawindo onse. Anamukhazika mwana wa Magdalene pa mphasa, iwo n'kukhala moyang'anana naye, maondo kugundana, n'kumugwira manja onse awiri. Kenaka anayamba kulankhula, ndipo chilichonse anachitchula dzina lake.

Anatenga maola atatu. Panabwera mayi wa ku Kenya kudzatenga makatani ake, panabwera wogulitsa ndiwo zamasamba, panabweranso a Spencer poganiza kuti zatha. Onse anabwezedwa pa sitepe pomwepo. Dzuwa linawapeza Mayi Kalinde kumaso, thukuta lili kamukamu, koma sanasunthe. Nthawi ina m'nyumbamo munamveka mtsikana akulira, ndipo iwo anaweramitsa mutu. Patapita nthawi munamveka kuseka, kuseka kwenikweni kwa munthu amene mantha amuchoka, amayi aakulu akuseka naye limodzi. Mayi Kalinde anatsegula chikwama, n'kutulutsa kampango, n'kupukuta m'maso. Mayi wa makatani uja anali atabweranso pageti, akufunsa m'Chiswahili ngati fundi, telala uja, alimo.

"Mulibe munthu muno," anatero Mayi Kalinde, mawu ali osasa. "Mubwere Lolemba."